Mayi ali m'chitokosi kuyambira Lachinayi chifukwa cha ngongole ya mwamuna wake

Nachisale
Anzanga ndithandizeni msanga. Mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi anamutenga Lachinayi cha m'ma 4 koloko madzulo, lero Lolemba 9 koloko akadali m'chitokosi. Kukhothi sanapite, chaji palibe. Siteshoni sinditchula pano. Nkhani yake ndi ngongole ya mwamuna wake, anatenga K450,000 ya katapila kenako n'kulowera ku Joni. Mwini ndalama ndi amene anabwera ndi apolisi pakhomo pa galimoto yake. Wofufuza akuti atuluka mwamuna akabwera kapena abale akasonkha ndalama. Foni amulanda, akuti akufuna nambala ya mwamunayo. Kunyumba wasiya mwana woyamwa wa miyezi 8, agogo akungomumwetsa phala. OC (mkulu wa siteshoni) ndamusowa kawiri, nambala ya OB (buku limene apolisi amalembamo zochitika pasiteshoni) akundikaniza. Gawo 42(2)(b) la Konsitityushoni, lija loti womangidwa apite kukhothi pasanathe maola 48, ndikulidziwa, musandiwerengere. Ndikufuna njira yoti atuluke LERO. Ndiyambire kwa prosecutor (woimira boma pa milandu), ku Legal Aid, kapena kalata?

A Mbewe
Chemwali, itanani abale ndi mwini ndalamayo mukhale pansi. Apereke ngakhale K100,000 yoyamba, yotsalayo alembe pepala la mwezi ndi mwezi, mayi akayamwitse mwana. Za magawo tidzakamba ali panja.

A Gondwe
Tiyambe ndi maola, chifukwa pakauntala adzakuuzani kuti Loweruka ndi Lamulungu sawerenga. Amawerenga. Lachinayi 4 koloko kuphatikiza maola 48 ndi Loweruka 4 koloko. Poti limenelo si tsiku la khothi, lamulo likuti tsiku loyamba la khothi likatha maolawo, ndiye kuti lero. Nthawi siyima Lachisanu madzulo n'kudzayambiranso Lolemba ayi. Khothi likatseka lero asanamutengereko, alibenso poimira, ayenera kumumasula.

Koma inu musadikire zimenezo, ndipo 42(2)(b) musayike patsogolo. Mukangolimbikira za maola 48 mwawapatsa njira yosavuta: alemba chaji mothamanga, amukweza galimoto, ndipo anena kuti lamulo alitsata. Mutu wa kalata yanu ukhale woti kumugwira kwenikweniko n'kosaloledwa kuyambira Lachinayi lomwelo. Gawo 18 la Konsitityushoni, ufulu wosamangidwa popanda chifukwa. Gawo 19(6)(c), munthu satsekeredwa chifukwa cholephera kukwaniritsa mgwirizano, ndipo ngongole ndi mgwirizano. Apa ngongoleyo si yakenso. Palibe lamulo lolola kusunga mkazi ngati chikole cha mwamuna. Kenako 42(1)(a), anayenera kuuzidwa msanga chifukwa chomutsekera m'chinenero chimene amamva, ndi 42(1)(f), amasulidwe ngati kumusungako kuli kosemphana ndi lamulo.

Kalatayo ikhale tsamba limodzi, kwa OC, makope atatu. Dzina, tsiku ndi ola lomwe anamutenga, kumene anamutenga, dzina ndi udindo wa wofufuza, mawu enieni amene ananena okhudza kusonkha ndalama, ndi zaka za mwana. OC akasowa perekani kwa Station Officer, asayine pa kope lanu ndi chidindo ndi nthawi. Akakana kusayina, lembani nokha pakopepo dzina lake ndi ola, wachibale amene muli naye asayine ngati mboni.

Mayi Nkhoma
Musanalembe chilichonse funsani mayiyo funso limodzi: anasayinapo pa pepala la ngongole? Akatapila ambiri amafuna mkazi asayine kapena adinde chala ngati mboni. Ngati anasayina monga mboni basi, alibe ngongole. Ngati anasayina monga wodzabweza mwamuna akalephera, mwini ndalama angathe kumusumira kukhothi la majisitireti mbali ya civil, atenge samani. Chitokosi sichilowamobe. Koma muyenera kudziwiratu, angakutulutsireni pepalalo pamaso pa OC inu mutalemba kale kuti mayi sakudziwapo kanthu, kalata yonse n'kufooka.

Nachisale
Akuti anadinda chala koma sanamuwerengere. Pepala lili ndi mwini ndalama, kope sanapatsidwe.

A Mbewe
Mwaona? Chala chilipo. Ndi chifukwa chake ndikuti kambiranani. Inu mukulemba makope atatu, mwana akulira kunyumba, mayi mabere atupa. Belo ya ku polisi amapereka akafuna, ndipo wodandaula akanena kuti tagwirizana, mphindi 20 munthu watuluka.

Che Jafali
A Mbewe, pepala lolembera ku polisi ndi limene limapweteka anthu. Mayi akasayina kuti ndidzabweza K450,000 mwezi ndi mwezi, ngongole ya mwamuna yasanduka yake, ndi dzanja lake, pamaso pa mboni zovala yunifolomu. Mwezi woyamba akalephera amutenganso, ulendo uno atanyamula pepala. N'zoona kuti mgwirizano wosayina mokakamizidwa ungathe kugwetsedwa kukhothi, koma ndi iye adzafunika kupereka umboni wa kukakamizidwako, ndipo amene analipo ndi omwewo. Madzi akatayika sawoleka.

Chinanso, K450,000 imeneyi ndi ya chiyani? Pa katapila nthawi zambiri nambala imene wodandaula amatchula ku polisi ndi yophatikiza kale chiwongoladzanja cha miyezi ingapo. Mwina munthu anatenga theka lake. Loans Recovery Act imapatsa khothi mphamvu yotsegulanso ngongole ngati chiwongoladzanja chili chonyanya, n'kuwerengera mwatsopano. Mukasayina nambala yonseyo pa benchi ya ku polisi mwapatsa wodandaula umboni woti munaivomera. Ndalama yoperekera pamenepo risiti sikhalapo, ndipo kuti ifike yonse kwa mwini wake palibe angakutsimikizireni.

A Gondwe
Kuyanjanitsa anthu kulipo m'malamulo, gawo 161 la Criminal Procedure and Evidence Code, koma ndi khothi limene limachita, pa milandu ing'onoing'ono ya pakati pa anthu. Si wofufuza atagwira kiyi wa chitokosi.

A Nachisale, konzekerani chinthu ichi. Kalata ikangofika, docket (fayilo ya mlandu ya apolisi) ikhoza kusintha. Chimene amathamangira ndi gawo 319 la Penal Code, kupeza katundu mwachinyengo, kapena kunena kuti anapangana ndi mwamuna. Yankho lake n'lakuti pa 319 payenera kukhala bodza limene linanenedwa pa nthawi yotenga ndalamayo, bodza limene wonenayo ankadziwa kuti ndi bodza, ndipo ndi limene linachititsa mwini ndalama kupereka. Kulephera kubweza pambuyo pake si chinyengo. Funsani prosecutor wa pasiteshonipo mwaulemu kuti bodza limene mayiyu ananena ndi liti, ananena liti, kwa ndani. Ma prosecutor ambiri safuna kukaima pamaso pa majisitireti ndi docket yopanda kanthu, ndiye nthawi zina amabweza okha kwa wofufuza.

Akamutengerabe kukhothi, abale akhale atafika kale. Anthu awiri omuyimira, aliyense ndi chiphaso cha unzika, odziwa kufotokoza kumene amakhala, ntchito yawo, ndi ubale wawo ndi mayiyo, chifukwa majisitireti amawafunsa mmodzimmodzi. Anyamulenso buku la kusikelo la mwana. Mayiyo apemphe belo yekha ndi pakamwa pake, poti inu simuloledwa kumuyankhulira m'khothi. Muphunzitseni mawu ochepa: ndili ndi pokhala pokhazikika, ndili ndi mwana woyamwa, ondiyimira alipo panja. Gawo 42(2)(e) likuti munthu amasulidwe pokhapokha chilungamo chikafuna zina, ndipo Supreme Court pa mlandu wa Mvahe mu 2005 inanena kuti ndi boma limene liyenera kuonetsa chifukwa chomukanizira. Omuyimira akachedwa, galimoto ya rimandi siyembekeza, agona ku Chichiri.

Mayi Nkhoma
Ndipo akalowa rimandi musaganize kuti masiku 30 aja a custody time limit (malire a nthawi yosunga munthu mlandu usanazengedwe) amutulutsa okha. Malire alipodi, masiku 30 pa mlandu wa kwa majisitireti usanayambe kuzengedwa, 90 pa milandu ikuluikulu ngati kupha ndi kuba moopseza, ndipo boma lingapemphe kuwonjezera. Koma wina ayenera kuwerenga masikuwo n'kukumbutsa khothi, apo ayi fayilo imangogona mpaka camp court (khothi lokakhalira kundende) idzamupeze. Chotero nkhondo ndi ya lero, asanalowe.

Chachiwiri, caution statement, mawu amene apolisi amalemba kuchokera kwa woganiziridwa mlandu. Mwamufunsa ngati alembedwa kale? Muuzeni kuti ali ndi ufulu wokhala chete, 42(2)(a), ndiponso sakakamizidwa kuvomera, 42(2)(c). Asasayine kapena kudinda chala pa pepala limene sanamuwerengere m'Chichewa mzere ndi mzere. Anthu amaganiza kuti ndikadzafika kukhothi ndidzanena kuti anandikakamiza ndiye pepalalo lidzatayidwa. Gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code silikuyenda choncho: pepalalo limalandiridwa kaye, khothi n'kumaona ngati ndi iyedi ananena komanso ngati zili m'menemo n'zoona. Chiganizo chimodzi chokha chakuti ndalamazo tinagwiritsa ntchito limodzi pakhomo chimakwana kumuvutitsa miyezi.

A Mbewe
Zonsezi n'zoona koma mukunena za mawa. Ine ndikunena za mwana lero. Mukati mukadandaule ku High Court, mukafika liti? Afidaviti (umboni wolembedwa molumbira) alemba ndani, commissioner for oaths (wolumbiritsa) mulipira ndi chiyani, jaji apezeka liti? Abale angathe kupeza K100,000 masana ano kusiyana n'kupeza loya.

Che Jafali
Za mwana zili ndi njira yake yosafuna ndalama. 42(1)(d) ikumulola kuonana ndi abale ake komanso dokotala amene wasankha. Agogo abwere naye mwanayo pasiteshoni, mulowere ku Victim Support Unit kapena kwa wapolisi woona za ana, mupemphe kuti mayi atulutsidwe m'chitokosi akayamwitse mu ofesi. Pempho limeneli lilembedwe mu OB. Kawirikawiri likangolembedwa akuluakulu a siteshoni amayamba kufunsa kuti mayi woyamwitsa akutani m'chitokosi masiku anayi opanda chaji. Musamusiye mwanayo kugona m'chitokosi, ngakhale wina anene kuti ndi chifundo.

Ndipo belo ya ku polisi ndi yaulere, a Mbewe, zimenezi tisamazisokoneze pamaso pa abale. Amasayina fomu, amamuuza tsiku lobwera, basi. Ndalama ya belo imaperekedwa kukhothi ngati khothi lalamula, kwa kashiya, ndipo amapatsidwa GR (risiti ya boma) yoti asunge kuti adzabwezeredwe.

A Gondwe
Za High Court sizovuta monga mukunenera. A Nachisale, kope lachiwiri la kalata pitani nalo ku Legal Aid Bureau m'mawa uno, musadikire yankho la OC. Pempho lake ndi lakuti munthu abwere naye pamaso pa khothi kapena amasulidwe, pansi pa 42(1)(e) ndi 42(2)(b). Afidaviti angalumbire wachibale amene anaona akumutenga, sikuti mpaka mayiyo. Muwapititsire zonse zitakonzedwa: nthawi yeniyeni, mayina, kope losayinidwa lija. Chimene chimachedwetsa ndi wachibale wonena kuti anamutenga chakumadzulo, osadziwa ola, pamene mlandu wonse wagona pa ola.

Kope lachitatu sungani. Lidzagwira ntchito ku Independent Complaints Commission (bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi) kapena ku Malawi Human Rights Commission, ndiponso ngati banja lidzafune chipukutamisozi cha kutsekeredwa popanda chifukwa. Pamenepo kumbukirani kuti boma silisumiridwa lero ndi lero, Attorney General (loya wamkulu wa boma) amayamba wapatsidwa chidziwitso cholembedwa cha miyezi 3. Koma za kusuma musazitchule pakauntala lero. Munthu amene mwamuopseza ndi mlandu ndi amene amalimbikira kupeza chaji yoti adzitetezere.

Nachisale
Kalata ndalemba, ndikupita kukapulinta. Nanga foni?

Mayi Nkhoma
Funsani kuti yalembedwa pati. Ngati ndi katundu wa munthu wotsekeredwa, ilembedwe m'buku la katundu limodzi ndi ndalama ndi chitenje chimene anamulanda, ndipo atuluke nayo. Ngati akuti ndi exhibit (katundu wosungidwa ngati umboni), ndi ya mlandu uti, nambala yake ndi chiyani? Gawo 21 la Konsitityushoni likuteteza katundu wa munthu ndi mauthenga ake, ndiye funsani ngati ali ndi warrant yofufuzira m'foni. Chachikulu, PIN ya Airtel Money kapena Mpamba asapereke kwa wina aliyense. Mayi wa geni mpamba wake wonse umakhala m'menemo. Akatuluka aone balansi pomwepo asanachoke pageti, ndipo ngati pasowa kanthu akatenge statement ku kampani ya foni tsiku lomwelo.

A Chirwa
Ndalowa mochedwa. Pa nkhani yomweyi, alipo amene ali ndi kope la chigamulo cha Gwanda? Cha mu Januwale 2017, High Court ya kuno ku Blantyre, chimene chinagwetsa gawo 184(1)(c) la Penal Code, la vakabu. Mavenda akumafunsa kawirikawiri pa maphunziro ngati vakabu inatha yonse.

Che Jafali
Musawauze kuti inatha yonse. Chimene khothi linagwetsa pa mlandu umenewo ndi ndime imodziyo, yomwe inkalola kugwira munthu chifukwa chongopezeka pamsewu pa nthawi yokayikitsa. Bambo Gwanda anali venda wa majumbo, anagwidwa m'bandakucha akupita kumsika ku Limbe. Munthu akagwidwa pa sweeping (apolisi akamasesa anthu ambiri nthawi imodzi) afunse kuti ndi gawo liti, ndipo asavomere mlandu kuti angolipira faindi n'kupita, chifukwa kuvomerako kumalowa m'mbiri yake ndipo kumadzatuluka pofuna police clearance. Kope ndili nalo pa laputopu, nditumiza madzulo.

A Mbewe
Nthawi ili 1 koloko. Mwini ndalamayo wina wamuyimbira n'komwe? Ngakhale osasayina kanthu, angouzidwa kuti abale akufuna kukambirana naye kunja kwa polisi, mwina akachotsa yekha dandaulo.

A Gondwe
Kunja kwa polisi, mayi atatuluka, ndipo okambirana akhale abale a mwamuna, palibe angakane. Muuzeninso kuti ngati ndi iye anauza apolisi kuti amugwire, osati kungopereka lipoti, nayenso angathe kusumiridwa. Koma pa foni asalonjezedwe nambala iliyonse.

Mayi Nkhoma
A Nachisale, Station Officer wasayina? Omuyimira aja akhale pafupi ndi khothi pofika 2 koloko, ziphaso zili m'manja.