Anyamata odumphana pamasitepe m'kanema wakale uja anali ndani?

Mayi a Chisomo, Nchalo

Moni nonse. Pali kavidiyo kakale kopanda mitundu komwe kakuyenda m'mafoni kuno. Anyamata awiri akuda, ovala masuti, akuvina pakati pa oimba malipenga, kenako akutsika masitepe modumphana, aliyense n'kutera mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo mpaka ntchafu kufika pansi, n'kudzukanso osagwira pansi. Ana a gulu lazovina kutchalitchi ayamba kale kuyeserera pasimenti. Anthuwa anali ndani? Nanga phokoso la nsapato lija limatuluka bwanji, ndipo mwana angayambire pati?

Aphunzitsi a ku Ngabu

Mayi, amenewo ndi Fayard ndi Harold Nicholas, munthu ndi mng'ono wake. Chimene mwaonacho chili m'filimu ya Stormy Weather ya 1943, ndipo woimba ali patsogoloyo ndi Cab Calloway.

Fayard anabadwa mu 1914, Harold mu 1921. Makolo awo ankaimba m'nyumba ya zisudzo ku Philadelphia, ku America, mayi pa piyano, bambo pa ng'oma. Fayard sanapite kusukulu ya zovina. Ankakhala pafupi ndi siteji kupenyerera akatswiri, akafika kunyumba n'kumatengera, kenako n'kuphunzitsa mng'ono wake. Mu 1932 anayamba kuvina kumalo azisangalalo a Cotton Club ku Harlem, mumzinda wa New York, Harold ali ndi zaka 11 zokha. Malo amenewo ovina ndi oimba anali akuda koma makasitomala anali azungu.

Mafilimu awo otchuka anawapanga ku kampani ya 20th Century Fox kuyambira 1940. Koma mukaonera filimu yonse mudzadabwa: kawirikawiri salankhula, sali m'nkhani, amangotulukira, kuvina, n'kusowa. Zinkakonzedwa dala kuti akumwera kwa America, komwe tsankho linali m'malamulo, athe kudula gawolo filimu osaonongeka. Mu 1948 anavina limodzi ndi wovina wachizungu Gene Kelly m'filimu ya The Pirate, ndipo m'mizinda ina ya kumwerako gawolo analidula chifukwa mzungu ndi anthu akuda anaoneka olingana. Zitatero anatembenukira ku Ulaya, Harold n'kukhala zaka zingapo ku France. Ulemu waukulu unabwera atakalamba: mphoto ya Kennedy Center Honors mu 1991. Harold anamwalira mu 2000, Fayard mu 2006.

Amisiri a pa Bangula

Zikomo Aphunzitsi. Ine ndilankhule za pansi ndi nsapato, chifukwa pamenepo ndiye ana avulala msanga.

Mayi, asiye pasimenti lero lomwe. Simenti ndi youma gwa. Mphamvu yonse ya phazi imabwerera m'msongolo ndi m'bondo, ndipo pakatha masabata ochepa mwana ayamba kudandaula kuti misongolo ikuyaka. Kavinidwe koliza nsapato aka, kotchedwa tap, amavinira pathabwa lokhala ndi mpata pansi pake.

Plywood yathunthu imakhala mamita 2.4 ndi 1.2. Mukaidula pakati mupeza mabolodi awiri, lililonse lokwana mwana mmodzi. Ikhale ya mamilimita 18. Yopyapyala ija ya siling'i imapindika n'kung'ambika. Pansi pake khomani timitanda ta masentimita 5, kusiya mpata wa masentimita 40 pakati, ndipo pansi pa timitandato ikani tizidutswa ta tayala kuti bolodi lisamayende. Musapake polishi. Mukamaliza muziliimika kukhoma, lisagone pansi. Chiswe cha kuno mukuchidziwa, ndipo nyengo yadzinja chinyezi chikalowa plywood imafufuma n'kusendeka.

Nsapato iliyonse imakhala ndi zitsulo ziwiri za aluminiyamu, china kuzala china kuchidendene, chilichonse chomangidwa ndi timisomali ta mazinga, kawirikawiri titatu. Pansi pa nsapato pafunika chikopa cholimba; labala sagwira mazinga ndipo amameza phokoso. Nsapato zachikopa za pakaunjika zimachita bwino, wosoka nsapato akhoza kumanga zitsulozo. Chenjerani ndi mitu ya timisomali: ilowe mkati mwa chitsulo. Umodzi ukatuluka umakanda bolodi lonse, ndipo ukakola mwana agwa chafufumimba. Zisoti za mabotolo ayi, zimacheka.

Achemwali a ku Nsanje Boma

Amisiri anena zoona, koma ndiwonjeze kuti miyezi yoyamba zitsulo sizofulumira. Nsapato yolimba pansi ndi bolodi zakwana.

Chinsinsi chili m'kakolo. Thupi litsamire kutsogolo kwa phazi, chidendene chili m'mwamba pang'ono, mawondo opinda. Sitepe yoyamba ndi shuffle: phazi likwapule bolodi popita kutsogolo, likwapulenso pobwerera, maphokoso awiri osiyana bwino, thupi lonse lili pamwendo winawo. Ana ambiri amaumitsa kakolo n'kumaponya mwendo wonse kuchokera m'chiuno, ndiye m'malo mwa "ta-ta" mumamva kukhwekhwereza. Mankhwala ake ndi kuchepetsa: phazi lisatalikire pansi kuposa zala ziwiri, ndipo mwana agwire mpando. Kasanu ndi katatu kumanja, kasanu ndi katatu kumanzere, pang'onopang'ono, wina akuomba m'manja. Ikamveka bwino mubwere ku flap, komwe umakwapula kutsogolo n'kupondapo, kenako ball change, kusinthanitsa kulemera kwa thupi msangamsanga. Liwiro limabwera lokha. Wothamangira liwiro amadya maphokoso.

Mwana wokulira pa ulimba ndi likhuba khutu ali nalo kale. Chomuvuta n'chakuti kwathu kuno timaponda ndi phazi lonse, ng'oma n'kumatitsogolera, pamene apa phazi lenilenilo ndiye ng'oma.

Za kudumpha kuja, Mayi, letsani. Mukachedwetsa kavidiyoko muona kuti safikira ntchafu. Mapazi amayamba ndiwo kukhudza pansi n'kutsetsereka, minofu ya m'ntchafu ikugwira ngati mabuleki, ndipo podzuka amafinya miyendo kuti ibwererane pamalo oterera. Pasimenti yokhakhala chidendene chimakola, thupi likupitirira, mnofu wa kuseri kwa ntchafu n'kung'ambika. Umenewo umatenga masabata ambiri, nthawi zina miyezi. Kutentha kwa Okutobala kusakunamizeni kuti thupi latakasuka kale. Mphindi 10 zothamanga pang'ono ndi kudziwongola zikhalepo, ndipo aziyeserera m'mawa kusanatenthe, madzi ali pafupi.

Aphunzitsi a ku Ngabu

Nditsirepo ndemanga pa za Achemwali. Fayard mwiniwakeyo atakula anamuika mafupa ochita kupanga m'chiuno mbali zonse ziwiri.

Chinanso, ana asakhumudwe bolodi lawo likapanda kumveka ngati m'filimu. Masiku amenewo nyimbo ankayamba aijambula, ovina n'kuvina ikulira, ndipo maphokoso a nsapato ankawalowetsa pambuyo pake: wovina amaonera chithunzi, n'kubwereza masitepe pathabwa pafupi ndi maikolofoni.

Mayi a Chisomo, Nchalo

Zikomo kwambiri nonse. Amisiri, ana alipo asanu ndi mmodzi koma ndalama ikukwana plywood imodzi. Tingaidule panayi?

Amisiri a pa Bangula

Panayi pachepa, Mayi. Masentimita 60 m'lifupi mwana akaterereka pang'ono phazi lagwera kunja. Dulani patatu, masentimita 80 ndi 120, azisinthana atatuatatu. Odikirawo aziomba m'manja kusunga nthawi.