N'chiyani chimachititsa mwana kukhutira ndi kosi yake ku yunivesite?

Kholo_Dedza: Akuluakulu, mwana wanga akudzaza fomu ya NCHE (bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite) yofunsira malo ku yunivesite chaka chino. Ndimaona ana ena pofika chaka chachiwiri ayamba kudandaula kuti kosi yawakola. Chimachititsa n'chiyani? Tiyang'ane chiyani asanasankhe?

Mlangizi_Zomba: Mayi, zambiri zimayambira pa fomu pomwepo. Ana amaika mtima pa kosi yoyamba, mizere yotsalayo n'kungodzazapo zilizonse kuti pasakhale mpata. Malo akachepa, mwana amagwera pa kosi imene anailemba mosaganiza, n'kukhala nayo zaka 4. Pa kosi iliyonse imene walemba, apeze mndandanda wa maphunziro a chaka ndi chaka, awerenge. Dzina limanyenga: wofuna zaulimi ku LUANAR akakumana ndi kemisitiri ndi masamu chaka choyamba, asanaone munda. Onaninso ngati kosiyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, makamaka ku mayunivesite omwe si aboma. Ikakhala ya unamwino, ikhale yodziwika ku Nurses and Midwives Council of Malawi, apo ayi sadzalembetsedwa kuti agwire ntchito.

Mphunzitsi_Mzuzu: Ndionjezepo za m'kalasi, chifukwa apa m'pamene ana ambiri amagwa mphwayi. Malikisi a semesita amachokera mbali ziwiri: maasayimenti ndi mayeso apakati, kenako mayeso omaliza. Lekichara akabweza mapepala patangotsala sabata kuti mayeso ayambe, kapena akangolembapo nambala popanda ndemanga, mwana sadziwa pamene analakwitsa. Amabwereza cholakwa chomwecho, kenako sapu, mayeso obwereza a amene walephera. Kalasi ya anthu mazana imathekabe ngati pali matutoliyo a timagulu ting'onoting'ono. Popanda amenewa, wamanyazi amamaliza chaka osafunsapo funso. Funsani ana a chaka chachitatu mafunso awiri: mapepala amabwera liti, ndipo mu labu aliyense amagwira chipangizo kapena amangoonerera?

Injiniya_Ndirande: Osaiwala atachimenti, nthawi imene mwana amakaphunzira ntchito pamalo enieni a ntchito. Funsani ngati sukulu imathandiza kupeza malo, komanso ngati lekichara amapitadi kukaona mwana kumeneko. Ku MUBAS kapena ku MUST, wa zauinjiniya amaikonda kosi yake akaona zimene anawerenga zikugwira ntchito pa makina enieni.

Mlangizi_Zomba: Chinanso, Mayi, ndi pogona ndi chakudya. Mahositelo sakwana, ndiye ambiri ku UNIMA amachita lendi ku Chikanda, dera loyandikana ndi sukuluyi ku Zomba. Fomu ya ngongole ya HESLGB (bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite) adzaze msanga, mapepala onse ali m'manja. Mwana wolowa m'kalasi ndi njala amati kosi ndi yovuta, pamene chavuta ndi m'mimba.