Nyumba zakale za ku England zija amati Georgian: bwanji amakaniza simenti pozikonza?

Wa ku Ulongwe:
Akuluakulu, thandizeni. Mumzinda wa Tete muli nyumba yakale ya njerwa zootcha imene eni ake akufuna kuikonza. Wina wawauza kuti asayerekeze kuikapo simenti, ati ku England nyumba zotchedwa Georgian lamulo limakaniza. Ndi nyumba zanji zimenezi, ndipo simenti yalakwa chiyani?

Mmisiri wa ku Moatize:
Achimwene, dzinalo lachokera kwa mafumu anayi otchedwa George, amene analamulira Britain kuyambira 1714 mpaka 1830. Nyumba za m'tauni za nthawi imeneyo ndi zopapatiza koma zosanja, zogawana khoma, zondondozana mumzere. Ku Bath kuli mzere wa nyumba 30 zamiyala wotchedwa Royal Crescent, umene anayamba kumanga mu 1767. Ku London zambiri ndi za njerwa.

Khitchini inkakhala m'chipinda chokumba pansi. Alendo ankawalandirira pansanja yoyamba, ndipo m'pamene pali mazenera aatali koposa. Antchito ankagona pamwamba penipeni, pa timazenera tating'ono.

Maonekedwe ambiri anabwera chifukwa choopa moto, London atapsa mu 1666. Lamulo la 1707 linaletsa matabwa otulukira kumphepete kwa denga, ndiye khoma lakutsogolo linayamba kukwera mpaka kubisa dengalo. La 1709 linati mafelemu a mazenera alowe m'khoma mainchesi 4, ngati masentimita 10. Mukaona zenera lotsekedwa ndi njerwa, mwina eni ake ankathawa msonkho wa mazenera, umene unalipo kuyambira 1696 mpaka 1851, koma ena anawamanga otseka kale kuti mbali ziwiri za nyumba zifanane.

Mayi wa ku Furancungo:
Za simentizo wakuuzaniyo sananame. Makoma amenewo anamangira laimu ndi mchenga. Laimu ndi wofewa kuposa njerwa, ndipo madzi akalowa m'khoma amatulukira m'mizere ya pakati pa njerwa. Mukamata mizereyo ndi simenti, madzi amasowa potulukira, ndiye amadzera m'njerwa. Mchere umatsalira mmenemo, njerwa n'kuyamba kufumbutuka, simenti ili chilili. Ku England chisanu chimaumitsa madziwo n'kuphulitsa nkhope ya njerwa. Kuno ndi mchere ndi chinyontho chochokera pansi. Pulasitala wa simenti ndiye woipa kwambiri: chinyontho chimangokwera, n'kukatulukira pamwamba pa pomwe mwalekezera.

Kakonzedwe kake: kokotani mizere ndi tchizulo chaching'ono, osati galayinda, kuya kwake kuwirikiza kawiri kukula kwa mzere, nthawi zambiri masentimita 2 kapena kuposerapo pang'ono. Laimu waufa mumuviike m'madzi kwa tsiku lathunthu, ndipo akagonera masiku ambiri ndiye bwino. Sakanizani ndowa imodzi ya laimu ndi ndowa zitatu za mchenga wa kumtsinje wosefa, wopanda dothi. Asachuluke madzi, apo ayi adzang'aluka pouma. Nyowetsani khoma, kanikizani matopewo mwamphamvu mpaka mkati, ndipo akayamba kugwira gogodani ndi bulashi yolimba.

Chimene chimaononga ntchito ku Tete ndi dzuwa. Laimu amalimba pang'onopang'ono pokoka mpweya, ndiye akauma msanga amasanduka fumbi loti mungakande ndi chikhadabo. Phimbani ndi masaka onyowa kwa sabata, muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo mu Okutobala ndi Novembala musagwire masana. Tetezani maso ndi manja, laimu amawotcha. Pomaliza pakani njereza, osati penti wamafuta.

Wa ku Domwe:
Ndikonzeko pang'ono. Lamulo la ku England silitchula simenti. Nyumba ikalembedwa m'kaundula wa zotetezedwa, amene amasunga a Historic England, bungwe loona za malo ndi nyumba zakale, imapatsidwa gulu: Grade I, Grade II* kapena Grade II, ndipo zochuluka zili m'gulu lomalizali. Mwini sangasinthe chilichonse chokhudza maonekedwe ake akale, kunja ngakhale mkati, popanda chilolezo cha khonsolo, ndipo kutero ndi mlandu. Pamenepo m'pamene simenti ndi mazenera apulasitiki amakanidwira.

Kwathu kuno ku Mozambique kuli Lamulo 10/88 la mu 1988, limene limateteza nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1920. Eni nyumbayo ayambe afufuza chaka chake, akafunse ku ofesi yoona za chikhalidwe m'chigawo asanagwetse kanthu.

Mmisiri wa ku Moatize:
Zoona zimenezo, koma wina asatengeke n'kukopera denga la nyumba za Georgian zija. Kuseri kwa khoma lokwera lija kuli ngalande yamtovu, ndipo ikatsekeka ndi masamba madzi amalowera m'mitanda mwakachetechete mpaka kuola. Ndi mvula ya ku Angónia simungalimbe nayo. Siyani malata atulukire ndithu, khonde likhalepo.

Choyenera kutengera ndi zenera lawo. Lili ndi zigawo ziwiri zotsetsereka, china kukwera china kutsika, kawirikawiri chilichonse cha magalasi 6, ndipo zimalendewera pa chingwe chokhala ndi chitsulo cholemera chobisika m'felemu. Mukatsegula pamwamba ndi pansi, mpweya wotentha umatulukira pamwamba, wozizirirapo n'kulowera pansi. Iwo ankapala ndi paini, koma kuno chiswe chingamalize msanga, ndiye gwiritsani mlombwa wouma bwino. Chitsulocho muchiyeze mutaika kale magalasi: ziwiri za m'mbali pamodzi zilemere mofanana ndi chigawo chimene zanyamula, apo ayi zenera lizingogwa lokha.