Madzi akungoyenderera pa green, kapinga akuuma

Wa ku Chiputula: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pa bwalo lathu la gofu, pa green (malo a udzu wosalala ozungulira dzenje lolowetsamo mpira) yachitatu ndi yachisanu pabuka zigamba zouma, zina kukula kwake ngati lichero. Poyamba udzu unkangotuwa, ukaponda phazi limatsala lodindika, pano wafiira. Tikuthirira m'mawa uliwonse, ndawonjezeranso mphindi, koma madzi akungotsetsereka kukalowa mu bunker (dzenje la mchenga). Chodabwitsa n'chakuti pambali pomwepo kapinga ali biriwiri. Bilu ya madzi nayo yakwera. Kodi ndi matenda kapena mbozi?

Bambo a ku Katoto: Achimwene, musanagule mankhwala alionse, yambani mwaona pansi. Tengani chobowolera dzenje la mpira chija, zulani dothi pa chigamba, lina muzule pobiriwira. Mukapeza lapachigamba lili fumbi lokhalokha chonsecho mwathirira m'mawa womwewo, ndiye kuti mchenga wanu wayamba kukana madzi. Kuwonjezera mphindi pamenepo n'kungomiza mbali yomwe ili bwino kale.

Mayi a ku Luwinga: Bambo anena zoona. Yesaninso motere: dothi mwazulalo liume pamthunzi masiku angapo, muligoneke, kenako mudonthezere dontho limodzi la madzi pa sentimita iliyonse kuchokera pamwamba. Dontho likakhala osalowa kupitirira masekondi 5, dothilo likukana madzi. Likapyola masekondi 60, vuto lakula. Kawirikawiri zimakhala m'masentimita asanu oyambirira. Chimachitika n'chakuti mizu ndi masamba akamavunda, komanso bowa wam'nthaka, zimasiya kautoto konga phula pa mchenga uliwonse. Mchengawo ukauma kwambiri kamodzi, madzi amangogubuduka ngati pa tsamba la koko. N'chifukwa chake ma green amchenga ndi amene amavutika kuposa fairway (njira ya udzu yopita ku green) yadothi lofiira.

Wa ku Zolozolo: Ine pa bwalo la mpira ndinasungunula sopo wotsukira mbale ndipo madzi analowa. Bwanji osayesa zimenezo? N'zotchipa.

Mayi a ku Luwinga: Amalowadi, poti sopo naye amafewetsa madzi. Koma pa green pomwe udzu umadulidwa mamilimita ochepa, sopo akhoza kuutentha, makamaka dzuwa la Okutobala lino, ndipo mphamvu yake sichedwa kutha. Wetting agent weniweni wa udzu (mankhwala othandiza madzi kulowa m'dothi), ambiri amalembedwa kuti non-ionic, anapangidwa kuti mbali ina igwire phula lija, ina igwire madzi, ndiye madzi amapeza pokakamira. Ine sopoyo sindingamuyandikize pa green.

Wa ku Chiputula: Ndayesa. Pa sentimita yoyamba ndi yachiwiri dontho linakhala kupitirira mphindi ziwiri. Pa yachisanu ndi chimodzi linalowa pompo. Mbozi sindinapeze ngakhale imodzi. Ndiyambire pati?

Bambo a ku Katoto: Mwapeza nthenda yake. Yambani ndi foloko ya m'munda, bayani zigambazo mothithikana kupyola pomwe pakukanapo, osatukula dothi. Kenako poperani wetting agent m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, pa mlingo womwe walembedwa pa botolo. Musaonjeze poganiza kuti zifulumira, mudzawaula udzu. Sipuleya ikhale yoti sinalowemo mankhwala opha udzu, chonde, chifukwa ndinaonapo green yathunthu ikupita motero ndipo mtima unandipweteka chaka chonse. Mukangopopera, thirirani nthawi yomweyo kuti mankhwala achoke pamasamba atsikire kumizu. Onetsetsani kaye kuti thanki ndi yodzaza, magetsi angazime mutapopera kale.

Masiku otsatira zigambazo muzizithirira ndi paipi pamanja, pang'ono, n'kudikira alowe, n'kubwerezanso. Makina othirira asiyeni pa mphindi zakale.

Wa ku Chiputula: Ndiye ndikapopera kamodzi zatha, bambo?

Bambo a ku Katoto: Ayi. Phula lija silichoka, mankhwala amangoliphimba kwa kanthawi. Ambiri amafuna kubwereza pafupifupi mwezi uliwonse mpaka mvula itakhazikika, ndipo mupopere green yonse osati zigamba zokha. Kuno ku Mzuzu chimatinamiza ndi mawawa a mu Juni ndi Julayi. Pamwamba pamaoneka ponyowa, timakhala phee, pansi pakuuma. Chaka chamawa yambani mu Ogasiti dothi lisanaumiretu.

Mayi a ku Luwinga: Muonenso zinyalala za udzu zomwe zaunjikana pansi pa kapinga. Zikakhuthala, phulalo lizingobwerera. Mvula ikayamba ndipo udzu ukukula mwamphamvu, palani, bowolani, muthire mchenga woyera pamwamba. Ngati pali bowa womera mozungulira ngati mphete, mutiuze, chifukwa pamenepo wetting agent yekha nthawi zina sakwanira.

Wa ku Chiputula: Pa green yachisanu mphete ilipo, yaing'ono. Ndabaya zonse ziwiri lero, ndipopera Lachiwiri m'mawa osewera asanafike. Pakatha sabata ndizulanso dothi pomwepo ndikuuzeni kuti chinyontho chafika sentimita ingati.