Jezi ya pa kaunjika yolembedwa ROY 33: analakwa ndani, kochi kapena goloboyi?

Wausipa_wa_ku_Mpondasi:

Akuluakulu, ndili ndi funso, koma mundilole ndiyambire patali.

Mu Juni, mwera utayamba kuwomba, ndinalowa pa kaunjika pamsika wa pa boma kukafuna chovala chofunda, poti ine ndimadzuka m'mbandakucha kukadikira usipa kugombe. Ndinatola jezi yofiira ya manja aatali, yolemera ndithu, pachifuwa pali C wamkulu ndi H mkati mwake, kumbuyo ROY 33. Mphwanga ndi amene anafufuza pa foni n'kundiuza kuti ndi ya Montreal Canadiens, timu ya hockey ya ku Canada, masewera aja amathamangitsana ndi ndodo pa madzi oundana. Ife kuno ayezi timangomudziwa poika chambo kuti chisawole, ndiye ndinaseka. Koma nkhani ya mwini dzinalo yandidyera mabandulo atatu.

Patrick Roy anali goloboyi. Anawinitsa Montreal chikho cha Stanley Cup, chachikulu kwambiri mu ligi yawo, mu 1986 ali ndi zaka 20 zokha, n'kubwerezanso mu 1993. Ndiye pa 2 Disembala 1995, Detroit Red Wings inapita ku Montreal n'kukawakwapula 11 kwa 1 pakhomo pawo. Pa zigoli zimenezo, 9 zinadutsa Roy. Ku hockey goloboyi zikamukanika amamutulutsa msanga n'kulowetsa mnzake, kuti asapitirire kuchita manyazi. Koma kochi wake, Mario Tremblay, anangomusiya momwemo. Masapota anafika pomuwombera m'manja mwachipongwe atagwira kophweka, iye n'kukweza manja m'mwamba kuwabwezera. Atamutulutsa, anamudutsa kochiyo n'kukaima kwa pulezidenti wa timu, Ronald Corey, yemwe ankakhala kuseri kwa benchi, n'kumuuza kuti awa anali masewera ake omaliza ku Montreal. Patangotha masiku anayi anamupereka ku Colorado Avalanche. Mu Juni 1996 Colorado inatenga chikho. Montreal yokhala ndi zikho 24 ija sinachigwirenso chichokereni 1993.

Chomwe chandisowetsa tulo n'chakuti ine ndine Tremblay. Ndimayang'anira timu ya anyamata ya m'mudzi mwathu, ndipo chaka chatha pa bonanza goloboyi wathu anagoletsedwa 5 tisanapume. Sabata yonseyo sanabwere kotirena, ankapita kunyanja ndi a chilimira. Wachiwiri wake anali pambali panga atavala kale magolovesi, koma mumtima ndinati asiyeni amve kuwawa, aphunzire. Tinathera pa 8, azimayi akumuimba nyimbo. Mnyamatayo anavula magolovesi, anawaika pa mapazi anga osanena kanthu, ndipo lero akugwirira timu ya kutsidya kwa Shire. Ife chichokereni iye tasintha magoloboyi atatu.

Ndiye ndikufunsa: Montreal inalakwa kumupereka Roy, kapena wosewera akakula mutu amayenera kupita basi?

Mlongo_wa_ku_Malindi:

Achimwene, mwandikumbutsa kwathu ndi mwera wanuwo. Ine ndili ku Canada kuno zaka zingapo tsopano, ndipo nkhani imeneyi anthu akuluakulu amaikambabe ngati maliro a dzulo. Anaipatsa ndi dzina lomwe, amati Le Trade.

Koma mwadumpha pamene panayambira moto. Mu Okutobala 1995, timu itagonja masewera anayi oyambirira, anachotsa manijala Serge Savard ndi kochi Jacques Demers, anthu amene anatenga chikho ndi Roy mu 1993. M'malo mwawo anaika Réjean Houle ndi Tremblay uja, osewera akale a timuyo, koma Houle anali asanayendetsepo timu, Tremblay anali asanakhalepo kochi. Komanso Tremblay ndi Roy anaseweraponso limodzi, ndipo sankamwerana madzi. Munthu watsopano pa mpando amafuna aonetse kuti wamkulu ndi iye, ndiye anasankhira pa goloboyi.

Kwa ine kulakwa kwakukulu ndi kwa Houle, chifukwa anagulitsa mothamanga. Inu mumadziwa bwino za usipa: ogula akaona kuti mitambo yakuda ndipo pathandala panu sipauma, mtengo amatchula ndi iwo. Ligi yonse inaona pa TV kuti Roy sabwereranso. Montreal inalandira Jocelyn Thibault, goloboyi wa zaka 20, ndi Martin Rucinsky ndi Andrei Kovalenko. Pamwamba pake inawonjezeranso kaputeni wake, Mike Keane, ngati basera. Ndipo amene anali mbali inayo, manijala wa Colorado Pierre Lacroix, anali ejenti wa Roy kale. Ankadziwa bwino chimene akugula.

China chimene chimawawa anthu kuno: Colorado imeneyo inali Quebec Nordiques, adani enieni a Montreal, ndipo inali itangosamukira ku Denver chaka chomwecho. Ikanakhala idakali ku Quebec, palibe akanayerekeza kuwapatsa Roy.

Thibault ine ndimamumvera chisoni. Sanali woipa, koma kulowa m'golo la munthu ngati uja uli mwana, chigoli chilichonse anthu amati Roy akanagwira. Mu 1998 anamupereka ku Chicago.

Mphunzitsi_wopuma_Namwera:

Bambo a ku Mpondasi, ine hockey sindinaionepo, koma ana ndawaphunzitsa mpira zaka zambiri, ndipo nditsutsana nanu nonse awiri pang'ono.

Mukukamba ngati Roy ananyamula chikho yekha. Mutu umodzi susenza denga. Ndawerenga nanenso: Colorado inali kale ndi Joe Sakic ndi Peter Forsberg, ndipo mu 1996 mphoto ya wosewera bwino pa mipikisano ya chikho inapita kwa Sakic, osati kwa goloboyi. Nyumba inali itamangidwa kale, iye anangokhala chitseko. Akanatsala ku Montreal, ndani akutsimikizira kuti akanawinanso?

Chinanso, wosewera amene wadumpha kochi wake n'kukalankhula ndi pulezidenti pamaso pa anthu, mawa kochiyo adzalamula ndani? Apo timu inalibe kuchitira mwina, mmodzi ankayenera kuchoka. Mwina anachotsa wolakwika, koma onse awiri sakanakhalanso m'chipinda chimodzi.

Za mnyamata wanuyo, chilango munachipereka pamalo olakwika. Wajomba kotirena, mukhazikeni pa benchi masewera asanayambe, aliyense adziwe chifukwa chake. Inu munamulowetsa chifukwa munkafuna kuwina, zitavuta n'kumusandutsa chitsanzo. Komanso kunyanja sankapita kukasewera, ankasaka ya ufa.

Mlongo_wa_ku_Malindi:

Aphunzitsi, za Sakic mwanena zoona, koma chitseko chimenecho musachipeputse. Masewera omaliza a 1996, olimbana ndi Florida Panthers, anatha 1 kwa 0 atawonjezera nthawi katatu, ndipo Roy anatchinga mashoti onse 63. Mu 2001 anawinanso pogonjetsa New Jersey Devils, ndipo ulendo umenewo mphoto ija inali yake, kachitatu pa moyo wake. Anapuma mu 2003.

Montreal inadzamuitana pa 22 Novembala 2008 n'kukweza nambala 33 kudenga la bwalo lawo, kutanthauza kuti palibenso wosewera wawo adzaivale. Zaka pafupifupi 13 zitadutsa, munthu atasiya kale kusewera.

Kabaza_wa_pa_Mlatho:

Biggy, ngati nambala imeneyo saloledwanso kuvala ndiye inu mukuphwanya lamulo kugombeko kkkk. Munagula zingati? Ndikupatsani kawiri, m'mawa pa mlatho pamazizira.

Koma goloboyi wanuyo ngati ndi amene ndikumuganizirayo, iwalani. Kutsidyako amamunyamula pamapewa.

Wausipa_wa_ku_Mpondasi:

A kabaza, jezi sindigulitsa, mwera ukubweranso chaka chamawa.

Aphunzitsi, mawu anu andilasa, makamaka a ufawo. Ndinkadziwa kuti bambo ake amadwala nthawi imeneyo, ndipo sindinamufunse n'komwe. Koma pa Roy sindikugwirizana nanube. Munthu wakupatsani zikho ziwiri, tsiku limodzi loipa simungamusiye kuti anthu masauzande amuseke. Ine ndinaona nkhope ya mnyamata wanga pa chigoli cha 7, anatembenuka kundiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali. Ndikuganiza kuti anachoka pa nthawi imeneyo, magolovesi anangotsatira pambuyo.

Achemwali a ku Malindi, zikomo pa za nambala ija. Ine denga lokwezapo jezi ndilibe, ndipo zaka 13 sindidikira. Magolovesi ake ndinawasunga m'chikwama cha mipira, palibe anawavala. Loweruka ndiwoloka mlatho kukaonana ndi amalume ake, ndawatumira kale uthenga kuti ndikubwera ndi kabeseni ka usipa. Sindikukamutenga, makhadi ake ali kutsidya ndipo akusangalala. Ndikungokamubwezera katundu wake.

Vuto n'lakuti Lamulungu lotsatira tikusewera ndi timu yake yomweyo, ndipo goloboyi wathu wapano amaopa mipira ya m'mwamba.