Nyama yopangira mu labu ikafika mu Lilongwe, mungagule?

Mayi a Chisomo, Kawale: Abale, mwana wanga wa ku koleji wandiuza za nyama yopangidwa osapha chiweto. Akuti amatenga timaselo, tizidutswa tosaoneka ndi maso ta thupi la nkhuku kapena ng'ombe yamoyo, n'kutiika m'mathanki achitsulo, kumatidyetsa madzi a shuga ndi michere mpaka tichulukane n'kukhala nyama. Ku Singapore adailoleza mu 2020, ku America mu 2023. Anthu padziko tidakwana 8 biliyoni mu 2022, ndiye akuti ziweto sizidzatikwanira. Ine ana anga anayi nyama amailawa kawiri pamwezi. Ikabwera kuno ndi yoti munthu n'kutayirapo ndalama?

Bambo a Tadala, Area 25: Mayi, mwandikhudza pachilonda. Loweruka ndinagula makilo awiri a nyama ya ng'ombe pa butchala ina kwathu kuno. Kufika kunyumba, mayi a kunyumba anaiika pa sikelo yawo yoyezera ufa wa mandasi. Kilo imodzi ndi theka! Theka lakenso mafupa ndi mafuta okhaokha. Nditabwerera, mnyamatayo anangoti, "Madala, sikelo munaiona nokha." Ndalama yomwe ndinaikhetsera thukuta masiku atatu pa kabaza. Mpaka lero mtima sunatsike.

Achimwene a ku Biwi: Pepani madala. Koma ya mu labuyo ilibe fupa.

Mkulu wa ku Area 47: Ine zogula pa kilo ndidasiya kale. Mwezi uliwonse ndimapita ku Mitundu, kusankha mbuzi yonona ndi maso anga, kuipha, kudzaza firiji. Alendo akabwera kwanga sadya nyemba. Nyama yosadziwa msipu siingalowe pakhomo panga.

Aphunzitsi, Chinsapo: Funso la amayiwa silinayankhidwe. Mtengo ndiye nkhani. Baga yoyamba ya mtunduwu adaipanga Mark Post wa ku yunivesite ya Maastricht, anthu n'kuilawa ku London mu 2013, ndipo idadya ndalama zoposa madola 300,000. Mtengo watsika kwambiri kuchokera nthawiyo, koma ikadali yodula kuposa nkhuku wamba. Mathanki ake amafuna kutentha kosasintha usana ndi usiku, komanso ukhondo woti kachilombo kamodzi kakalowa, zonse zatayika. Ndi kuzimazima kwa magetsi kwathu kuno, ikadzabwera idzakhala yochokera kunja, yogula ndi madola omwe akusowa kalewa.

Achimwene a ku Biwi: Aphunzitsi, ine ndidamva 250,000.

Aphunzitsi, Chinsapo: Imeneyo ndi ma euro, achimwene.

Achemwali a ku Mtandire: Mukuvutikiranji? Nyama yosapha chiweto tili nayo kale, soya pieces. Paketi imodzi, tomato awiri, anyezi, kamafuta pang'ono, banja lonse ladya. Muziyamba mwaiviika m'madzi otentha, kuifinya, kenako kuikazinga mpaka ifiire. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi ndi zaulere. Soya timalima tokha ku Mchinji ndi ku Kasungu, bwanji osalimbikira zimenezo?

Mkulu wa ku Area 47: Soya si nyama, achemwali.

Achemwali a ku Mtandire: Si onse ali ndi firiji, bwana.

Agogo a Yamikani, Area 36: Ana inu, nyama ya mu labuyo ku Italy adailetsa mu 2023, komweko kwa azungu. Nanga pa chinkhoswe tidzapereka chiyani kwa ankhoswe? Nkhuku imafunika ioneke yathunthu, ya chikuda, yoti aliyense aone kuti ndi tambala kapena thadzi.

Mayi a Chisomo, Kawale: Agogo, za chinkhoswe ndamva, koma ine ndikunena za Lachiwiri wamba, mwana akuweruka kusukulu. Ikadzatsika mtengo kuposa ya pa butchala, ine ndidzayesa theka la kilo.

Bambo a Tadala, Area 25: Mukadzagula mudzatenge sikelo yanu, mayi. Kodi pali amene akudziwa butchala ya sikelo yolungama chakuno ku 25?