Kaseti ya mawu a bambo anga yakanirira m'wailesi ya galimoto, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Bambo anga atamwalira anandisiyira galimoto yawo yakale yokhala ndi wailesi ya kaseti, ndipo pa makaseti omwe ndinawapeza mmenemo pali imodzi yomwe anajambulamo mawu awo akutilangiza ife ana awo. Mwezi wathawu mlamu wanga anabwereka galimotoyi kwa masiku awiri, koma anaibweza patatha sabata, mafuta atatha, mipando ili fumbi lokhalokha, ndipo mpaka lero sanapepese chifukwa mchemwali wanga amamuikira kumbuyo. Chiibwezereni, kaseti ija yakanirira mkati, moti ndikadina batani lotulutsira imangolira pang'ono kenako n'kukhala chete. Wailesi nayonso ikumaiwala masiteshoni onse m'mawa uliwonse. Makaniko wina anandidikiritsa tsiku lonse n'kungondiuza kuti ndigule ina. Tulo sindikuliona poopa kuti tepiyo iduka. Nditani?

Mkulu wa Mawaya: Achimwene, vuto lanu ndi la mawaya, palibenso china. Wailesi ya galimoto imalandira magetsi a 12V kudzera m'mawaya awiri. Wachikasu amachokera ku batire ndipo amakhala ndi moto nthawi zonse kuti wailesi izisunga masiteshoni ndi wotchi, pomwe wofiira amalandira moto pokhapokha mwapotokola kiyi. Munthu akasinthanitsa mawaya awiriwa, wailesi imaimba bwinobwino, koma mukangozimitsa galimoto zonse zimafufutika. Mlamu wanuyo anagwiragwira kuseri kwa wailesiyo, ndipo mudzandivomereza.

Mayi Wokonda Kwaya: Pepani kwambiri bambo. Inenso ndinataya makaseti khumi ndi awiri a nyimbo zauzimu chifukwa mwana wanga anawasiya padzuwa pansi pa galasi lakutsogolo, ndipo pulasitiki yake inapindika moti palibe ngakhale imodzi yomwe inalowanso m'wailesi. Koma ndikudzudzuleni pang'ono: chinthu chamtengo wapatali chotere simukanachisiya m'galimoto pobwereketsa.

Wokonza Zamagetsi: Bambo, tiuzeni kaye dzina la wailesiyo ndi nambala yake, komanso ngati batire linachotsedwapo pa nthawi yomwe galimoto inali kwa alamu anu. Pakadali pano musadinenso batanilo ndipo musatokose ndi sikuludiraiva.

Mkulu wa Mawaya: Nambala ya wailesi ilibe ntchito pano. Ndagwira mawailesi a Pioneer, Sony ndi Kenwood kwa zaka zambiri ndipo mitundu ya mawaya ndi yomweyo. Ndiponso ngati galimotoyo inachokera ku Japan, dziwani kuti wailesi zakale zakumeneko zimagwira FM kuyambira pa 76 mpaka 90 MHz pokha, pomwe m'maiko ambiri masiteshoni ali pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndiye mufunika kachipangizo kotchedwa band expander.

Wokonza Zamagetsi: Akulu, munthuyu sananene kuti masiteshoni sakupezeka, wanena kuti akufufutika. Komanso mitundu yomwe mukutchulayo ndi ya wailesi zogula padera, pomwe zobwera ndi galimoto kuchokera ku fakitale nthawi zambiri zimakhala ndi mitundu yawoyawo. Fyuzi ya waya wa ku batire ikapsa, kapena batire likamafooka kwambiri poliza injini, zizindikiro zimatha kufanana ndi zimenezi.

Mnyamata wa Bluetooth: Kampani ya Philips inatulutsa kaseti mu 1963, ndiye sindikumvetsa chifukwa chomwe munthu angavutikirebe nayo lero. Zulani wailesiyo muike yamakono.

Mayi Wokonda Kwaya: Mwana wanga, werenga bwino usanayankhe. Mkatimo muli mawu a malemu bambo ake, ndipo amenewo sagulidwa kulikonse.

Dalaivala Wopuma: Funso langa n'lakuti kasetiyo ndi ya mphindi zingati. Ya C-120 (ya mphindi 120) ili ndi tepi yopyapyala kwambiri kuposa ya C-60 kapena C-90, ndipo ine inanditafunira ulaliki wonse womwe ndinkaukonda ndili pa ulendo wautali. Tepi imakanikizidwa pakati pa kachitsulo kozungulira ndi kagudumu ka mphira, ndipo kagudumuko kakada kapena kukalamba kamayamba kumata, tepi n'kumazengezeka pamenepo. Ine ndinkapukuta hedi (kachitsulo kowerenga mawu pa tepi) ndi kagudumuko ndi thonje lonyowetsa ndi spiriti wa isopropyl mwezi uliwonse, koma madalaivala a masiku ano sasamala zimenezi.

Mkulu wa Mawaya: Madala, za thonjezo n'zosathandiza pamene magetsi sakufika bwino. Ndanena kale kuti akonze waya wachikasu, kasetiyo ituluka yokha.

Wokonza Zamagetsi: Ngati tepi yazengezeka kale, kuyatsa mota n'kumene kungaidule. Kulira komwe akukumvako kungakhalenso lamba wa mphira yemwe watamuka ndipo akungoterereka. Njira yabwino ndi kuchotsa waya wa negativi pa batire, kusolola wailesi yonse, kutsegula chivundikiro chapamwamba n'kumasula tepiyo pang'onopang'ono ndi zala, kenako kuikulungira m'kaseti ndi pensulo. Koma wailesi zina zimafuna nambala yachinsinsi zikasowa moto, n'chifukwa chake ndikufunsa dzina lake. Ikatuluka, muijambulire mu kompyuta musanaiikenso m'galimoto.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Ndamuimbira mlamu uja ndipo akukana kuti sanagwire chilichonse, chonsecho ngakhale jeke sindikumuona m'buti, ndipo mchemwali wanga tsopano sakundiyankhula. Usiku wathawu ndadinanso batani lija katatu koma sizinasinthe.

Mkulu wa Mawaya: Kukanako ndi umboni wakuti anasinthanitsa mawaya, monga ndinanenera poyamba.

Wokonza Zamagetsi: Bambo, chonde lekani kudina batanilo. Pitani pa galimotopo, muwerenge dzina ndi nambala zomwe zalembedwa kutsogolo kwa wailesiyo, mutilembere pano.